Mbuzi Imene Mpingo Sunaione

M'tchalitchi chathu kuno ku Hewe muli malamulo awiri amene sanalembedwe m'buku lililonse, koma mwana amachita kuyamwira. Loyamba, popemphera munthu atsinzine. Lachiwiri, m'nyumba ya Mulungu mano amaonekera poyimba basi. Ine ndinaswa onse awiri tsiku limodzi, ndili nkhalamba ya imvi mpaka m'makutu, msinkhu umene anzanga anasiya kale kuchimwa chifukwa mawondo sakuwalola.

Musandimve molakwa, mpingo wathu ndimaukonda. Unatiphunzitsa kuwerenga, kusamba m'manja ndi kufika pa nthawi. Koma chimwemwe timachiimba ndi nkhope ya munthu amene akumeza kwinini. Nyimbo ikunena kuti mitima yathu yasefukira ndi kukondwa, koma mlendo atasuzumira pa windo angafunse kuti wamwalira ndani. Ndili mnyamata ndinafunsapo mkulu wina za zimenezi. Anati chimwemwe cha Mkhristu chimakhala m'kati. Ndinati, chili pakuya bwanji, adada, poti zaka zonsezi sichinatulukepo ngakhale kudzapuma mpweya? Anandipatsa tsache, ndinasesa tchalitchi mwezi wathunthu.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, choncho mukapeza chilembo chagona chammbali, chidzutseni nokha. Chichewa ichi ndinachitola ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kumene ndinatolakonso mkazi, mwana wa ku Ntchisi. Kunena zoona ndi iwo ananditola ine, m'ngalande, Loweruka lina kachasu atandigonjetsa. Anandiuza mawu amodzi: "Musankhe, botolo kapena ine." Ndinapempha sabata yoti ndiganize. Anandipatsa mpaka madzi a tiyi atawira. Kuyambira tsiku limenelo, zaka makumi anayi ndi kanthu, mowa sunadutse pakhosi panga. Zina zonse munganditchule, wabodza pang'ono, waulesi ndithu, wapakamwa chomene, koma ichi chokha ndiye chikho chimene ndinapambana m'moyo uno.

Maso a amayi a kunyumbawa anayamba kuchita chifunga zaka zingapo zapitazo. Tinapita kuchipatala cha ku boma, tinapita cha ku mishoni, madokotala anayesa mbali yawo, koma lero amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Ndiye ndodo yawo ndine. M'tchalitchi abambo timakhala kudzanja lamanja, amayi kumanzere, pakati mpata woti ngolo n'kudutsa, kuopa kuti mayesero angalumphe. Koma pa Mgonero wa Ambuye, umene umabwera kanayi pa chaka abusa akatifikira pa njinga yamoto, seshoni, ndilo bwalo la akulu a mpingo, inandilola kukhala pambali pa mkazi wanga. Tikapu ta Mgonero n'tating'ono ngati chivindikiro cha botolo, ndipo munthu wosaona sangatole kamodzi m'thireyi osagwetsa tinzake. Ndiye ine ndimatola, n'kuika m'dzanja lawo, n'kutseka zala zawo ndi zanga mpaka kafike pakamwa. Mwamuna mmodzi yekha pakati pa mabulauzi oyera, ngati khwangwala m'munda wa thonje. Anzanga amandiseka, ine ndimanyada. Ulemerero wina padziko pano ndilibe.

Tsono panali mkulu wa mpingo wina amene tonse tinkangowatcha Ahedi, poti anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mishoni mpaka anapuma. Banja lawo linayamba kuphunzira nthawi ya agogo awo. Mwana wina ndi dokotala, wina amaweruza milandu kutauni. Palibe amene ankakumbukira kuti anawaonapo akuseka. Akazi awo anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo kuyambira pamenepo nkhope ija anaiwonjezera loko wachiwiri. Lamulungu lililonse ankavala jekete limodzi lakuda, losita mpaka kunyezimira m'zigongono. Ndipo ankapemphera. Abale, ankapemphera. Akati "Tiyeni tipemphere," amayi amene asiya nyemba pamoto ankadziwiratu kuti lero ndiwo ndi makala.

Linali Lamulungu la zokolola, mwezi wa Juni, kukuzizira koti mano kugundana. Tsiku limeneli aliyense amabweretsa kutsogolo chimene munda wam'patsa: matumba a chimanga, malichero a mtedza, maungu, nkhuku zomanga miyendo. Mlimi wina amene fodya wake anayenda bwino anafuna kuti kumwamba kumve ndithu, nabwera ndi mbuzi yamoyo, yofiira, ya ndevu zaulemu ngati nayonso inasankhidwa ukulu. Anaimangirira ku mwendo wa tebulo, koma chingwe anasiya chachitali. Ahedi anadzuka kuti apempherere zopereka. Anatipatsa msana, nakweza manja pamwamba pa matumba.

Ine diso lamanzere silimvera lamulo. Linazolowera ku esiteti, kumene ukatsinzina onse awiri umadzuka nsapato zitapita. Ndiye ndinaona. Mbuzi inanunkhiza chimanga, inakana. Inanunkhiza maungu, inakana. Inazungulira mwaulemu, n'kuima kumbuyo kwa Ahedi, n'kulawa m'mphepete mwa jekete. Inaima kaye ngati ikuganiza. Kenaka inayamba kudya ngati munthu amene wapeza ndiwo za kwawo kuchilendo.

Ndinatsegula diso lachiwiri kuti lithandize linzake. Poyang'ana uku ndi uku ndinaona chozizwitsa choposa mbuzi: mpingo wonse unali maso. Akulu pa benchi lawo, maso. Amayi, maso, zitenje pakamwa. Alembi a seshoni anali ataluma buku la nyimbo. Abusa pampando wawo anaphimba nkhope ndi dzanja, koma zala zinali ndi mawindo.

Ahedi sanaleke. Anapempherera mvula imene inagwa ndi imene sinagwe. Anapempherera boma, aphunzitsi, odwala, a m'ndende. Anakwera mpaka ku Thazima kukapempherera alonda a nyama pa geti la nkhalango ya boma, natsika kudzapempherera njovu zimene zimatidyera chimanga, kuti zitembenuke mtima. Mbuzi nayo inali itafika pa thumba, ikukoka mpango woyera pang'onopang'ono. Ndinadziluma lilime. Ndinaganiza za maliro a amayi ondibereka. Ndinaganiza za dzino limene anandizula chaka chinacho. Zinathandiza pang'ono. Koma pamene Ahedi anakweza mawu nati, "Inu amene mumadyetsa cholengedwa chilichonse pa nthawi yake," chingwe cha m'mimba mwanga chinaduka.

Kuseka kwanga si kwabwino. Kumayamba ngati chigayo cha dizilo m'mawa wozizira, kukhosomola kawiri katatu, kenaka kukagwira sikuzimanso. Ndinaseka mpaka kutsetsereka pa benchi. Mayi wina anakwawa, nakoka mbuzi kutuluka nayo pa khomo la m'mbali. Anthu onse anabwezera maso m'malo mwake, Ahedi anati ameni natembenuka mofulumira. Zikanathera pamenepo bwenzi nkhani ili ina. Koma m'kachetechete ameneyo pakamwa panga panatuluka mawu, mokweza, ine ndisanawaloleze:

"Yewo chomene, Ahedi, mwapereka ndi jekete lomwe!"

Palibe anaseka. Ahedi anayenda chamnkhanu, msana kukhoma, mpaka m'kachipinda ka abusa.

Patapita masabata awiri anandiitana ku seshoni. Amakumana m'tchalitchi momwemo Loweruka m'mawa, akulu atazungulira, wolakwa pa mpando wa yekha pakati ngati akudikira kumetedwa. Alembi anawerenga mlandu: kuseka popanda chifukwa pa nthawi ya pemphero.

"Chifukwa chinalipo, adada," ndinatero. "Chinali ndi miyendo inayi."

"Fotokozani."

Ndinafotokoza bwino lomwe, ndi manja omwe. Nditamaliza, alembi anayang'ana anzawo. "Alipo pakati pathu amene anaona mbuzi ikuchita zimenezi?"

Apa m'pamene ndinazindikira dzenje limene ndinagweramo. Kuti munthu anene kuti anaona, ayambe wavomera kuti maso ake anali otsegula Ahedi akulankhula ndi Mulungu. Ndipo awa ndi anthu amene amakoka makutu a ana a Sande sukulu pa mlandu womwewo.

"Ine ndinali m'pemphero," anatero mkulu woyamba.

"Ine chimodzimodzi."

"Ine mbuzi ndinaiona ikulowa, ndinaionanso panja titaweruka. Zapakati sindikudziwa."

Yankho linazungulira bwalo lonse ngati mbale ya chopereka. Abusa anapeza kanthu kochititsa chidwi kudenga. Ndinatembenukira kwa mwini jekete. Tsiku limenelo anali atavala juzi.

"Ahedi, inu simunamve kanthu kakukokani?"

"Ine ndikamapemphera, bambo, ndimakhala kulibe."

Ndiye akulu anayamba kuganiza, ndipo anthu ophunzira akayamba kuganiza, iwe thawa. Munthu waseka yekha m'tchalitchi. Waona zinthu zimene mpingo wonse sunaone. Walankhula mokweza zosamveka mutu. Zoterezi zimabwera ndi zinthu ziwiri, misala kapena mowa. Mkulu wina wachifundo anati tisamunenere misala mnzathuyu, misala ilibe kulapa. Anagwirizana pa mowa, pondikomera mtima. Chigamulo chinali choti ndiimitsidwe kudya Mgonero kufikira nditabwera kudzavomera tchimo langa ndi pakamwa panga.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Kuno mphekesera ili ndi njinga yabwino kuposa yanga. Ndinapeza amayi pakhonde akuswa mtedza.

"Amayi, mwamva?"

"Ndamva."

"Akuti ndinamwa."

"Ndati ndamva."

"Nanga inu mukuti bwanji?"

"Ndikuti madzi anu osamba azizira."

Zaka zonsezi ndakhala nawo, koma sindinkadziwa kuti chete angalemere chotero. Sanandikalipire. Ankandiphikira, ankandiyankha, tinkapemphera limodzi. Koma za mbuzi, kapena za mowa, ngakhale liwu limodzi. Anthu ena onse akanakhulupirira zimene afuna, ine sizikanandisowetsa mtendere. Koma awa, amene ananditola m'ngalande? Ndikachokera kumsika ndinkawayandikira n'kuwapumira dala kumaso kuti amve okha kuti mulibe kanthu. Tsiku lachitatu anati, "Abambo, ngati mswachi watayika, nenani."

Mgonero wotsatira unafika mu Seputembala. Sabata imeneyo mkulu wa dera lathu anabwera ndi makhadi, poti kwathu munthu sayandikira tebulo la Ambuye popanda khadi la dzina lake. Anatulutsa limodzi, la amayi, napatsa ine kuti ndiwasungire. Lamulungu ulaliki utatha, abusa ananena mawu a nthawi zonse, akuti amene sadya nawo atuluke mwaulemu. Ndinawaperekeza amayi mpaka pa benchi lachiwiri, ndinapereka dzanja lawo kwa mayi wina woyandikana nafe, n'kutuluka pamodzi ndi ana.

Panja pali mtengo wa mango, ndipo ndicho tchalitchi cha anthu ogwa. Sindinkadziwa kuti kumeneko kuli mpingo wosangalala chonchi. Kuli amitala, kuli ofulula mowa, kuli atsikana amene mimba inafika ukwati ukadali m'njira. Bambo wina wa akazi awiri, amene wakhala pansi pa mtengowo zaka zambiri mpaka muzu wina unapindika motsata thupi lake, anandisunthira malo.

"Mwafika, adada? Takhala tikukuyembekezerani. Nzimbe iyi."

Anandipempha ndifotokoze za mbuzi, ndipo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Onsewo anaiona, ndipo sankabisa. Koma umboni wa munthu wa pansi pa mango sulowa m'buku la seshoni.

Ndinkaseka nawo, diso lija losamvera lili pa windo. Ndinaona thireyi ikufika pa benchi lachiwiri. Mayi uja, wa mtima wabwino ndithu, anatola kakapu n'kukagwira m'malere patsogolo pa amayi, akuyesa kuti alandira. Dzanja la amayi linafufuza, linagunda. Vinyo anatsikira pa bulauzi yoyera. Kakapu kachiwiri sanapereke. Sindikudziwa ngati ndi lamulo kapena palibe anaganizako. Ndinaona amayi akupukuta chala, n'kukhala mowongoka, manja pamiyendo, thireyi ikupitirira.

Tinabwerera kunyumba. Bulauzi anachapa okha, mofufuza, akundifunsa, "Pachoka?" Ndinati pachoka. Panali pasanachoke.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwa alembi, tsidya la mtsinje. Ndinawapeza kudimba akuthirira nazale ya fodya. Nditangotchula mbuzi anaika keni pansi, anakhala pa mzere, naseka mpaka misozi.

"Mpango uja, adada! Mmene imaukokera muja!"

"Ndiye munaona."

"Ndani sanaone?"

"Kanenenitu ku seshoni."

Anapukuta maso, nkhope ya ulembi inabwerera. "Yayi. Kuno ndi kudimba, uko ndi ku seshoni. Ndikanena kuti ndinaona, Ahedi ndiziwayang'ana bwanji? Tonse tinagwirizana osakambirana kuti mkulu uja asachite manyazi. Inu ingovomerani mowa, ndi mawu awiri okha, Disembala mudya nafe."

Pobwerera ndinkakangana ndi Mulungu pa njinga, monga ndimachitira. Ndinati, Inu amene munaumba nkhope ya mbuzi, munaiumba osamwetulira ngakhale pang'ono? Ndinamukumbutsa za mayi wokalamba uja wa m'Baibulo amene anaseka kuseri kwa hema atamva kuti adzabala, n'kukananso kuti sanaseke. Kodi munamutulutsa panja? Munam'patsa mwana. Tcheni chinaduka, ndinayenda wapansi.

Mu Okutobala bambo wina wa ku Mulanje, amene boma linamutumiza kuno kudzatiphunzitsa kuvindikira zimbudzi, anandimvera chisoni. "Madala, mukuvutikiranji? Bwerani kwathu. Ife kuseka ndi gawo la mapemphero." Iwo amapemphera m'kalasi ya sukulu, ndi kiyibodi ya batire. Ndinapitako kamodzi, mozemba, Lamulungu masana. Zoonadi kunali kuvina, fumbi mpaka m'mphuno. Pakati pa mapemphero mlaliki anakuwa, "Aliyense agwire mnzake! Ndikawerenga katatu, museke mwa Ambuye!" Anawerenga. Anthu anayamba kuseka, ena mpaka kugubuduka. Ine, munthu woimitsidwa chifukwa cha kuseka, ndinangoima ngati chitsa. Ndinafufuza m'mimba monse, mulibe. Mlaliki anandiona, nabwera kudzandisanjika dzanja pamutu kuti mzimu wa chisoni utuluke. Ndinati m'mtima, kwathu ndine chidakwa, kuno ndine wa ziwanda. Kwathu kuseka amaletsa, kuno amalamula, ndipo konse kuwiri palibe amene wafunsa ngati pali mbuzi. Ndinathokoza n'kubwerera ku mango wanga. Komanso amayi sakanasamuka. Iwo amati anabatizidwa kamodzi ndipo madzi anakwana.

Seshoni ya Disembala itayandikira ndinali nditagonja. Ndinkayeserera kuseri kwa nkhokwe: nkhope yogwa, mawu onjenjemera, "Adada, ndinalawa pang'ono, Satana anandinyenga." Satana naye ndinamumvera chisoni, kumunamizira nkhani imene sanaliko. M'mawa wa Loweruka lake ndinavala malaya oyera, ndinapeza amayi akumwa tiyi pakhonde.

"Ndikupita kukavomera."

"Kuvomera chiyani?"

"Mowa."

Anaika kapu pansi osafufuza n'komwe. "Munamwa?"

"Ayi."

"Ndiye mukaime pamaso pa akulu, m'nyumba ya Mulungu, mukaname, kuti mupeze njira ya ku tebulo la Ambuye?"

"Kuti ndikugwireni dzanja, amayi. Bulauzi ina yotero sindikufuna kuionanso."

Kenaka anati, "Mbuzi ija ndinaimva ine, inu musanaione."

Ndinakhala pansi, padothi, ndi zovala zochapa zomwe.

"Ndinamva chingwe chikukhwekhwerezeka. Ndinamva ikutafuna. Nsalu yam'kati itang'ambika ndinaluma chitenje changa mpaka chinabooka, mukachione, chili m'sutikesi. Mukuyesa kuseka munabwera nako ndinu m'banja muno?"

"Nanga miyezi yonseyi, amayi! Ine kuonda, kukupumirani kumaso ngati galu!"

"Kuseka sindinakuimbeni nako mlandu. Koma mawu aja. Jekete lija anawagulira ndi akazi awo, ndipo pano amasita okha, inu mukudziwa. Anthu onse anaseka chamumtima n'kumusiyira munthu chovala. Inu munamuvula. Ndinati mukhaleko panja kamodzi, mumve mphepo. Za bulauzi zinagwera ine, sindikudandaula. Koma zoti mukataye zaka makumi anayi ndi bodza, zimenezo ayi. Zaka zimenezo ndi zanganso. Tengani njinga."

Sindikudziwa ngati seshoni yathu inalandirapo mboni yosaitanidwa, koma mayi wosaona palibe akanam'bweza pakhomo. Ndinawakhazika pa mpando wa wolakwa, ine n'kuima kumbuyo.

"Azibambo anga," anayamba, ndi ulemu wa ku Ntchisi uja umene umabwera mpeni uli m'kati, "ndamva kuti mukusowa munthu amene angachitire umboni mbuzi popanda kuchimwa. Ndabwera. Maso anga anatseka ndi Mwini wake, ndipo tsiku lija sanatsegule."

Anafotokoza za chingwe, kutafuna, kung'ambika kwa nsalu. Akulu anagwedeza mitu mwachifundo, akuyesa zatha. Koma anapitiriza.

"Ndinamvanso zina. Benchi la akulu linkalira ngati ngolo yopanda girisi, chonsecho palibe ankayenda. Panali wina amene mphuno yake imaimba mluzu akamadziletsa. Mluzu umenewo ndimaudziwa, alembi, ndinaumvanso pa ukwati wa mwana wanu. Ndipo abusa anakhosomola kanayi. Ndinafunsa amayi busa ngati kunyumba kuli chifuwa, anati kulibe."

Alembi anaweramira m'buku mpaka mphuno kukhudza pepala. Ndipo m'bata limenelo mphunoyo inaimba mluzu. Kamodzi kokha, kakang'ono. Abusa anadzuka mofulumira kukayang'ana njinga yawo panja, imene sinawaitane.

Ahedi anaimirira. Anali atavalabe juzi. Sanayang'ane munthu aliyense.

"Alembi, lembani kuti mbuzi inalipo."

Analemba. Mawu oti mowa anawadula ndi rula, mizere iwiri. Koma seshoni siituluka chimanjamanja, ndiye anandipeza ndi mlandu wa lilime, umene sindinatsutse, poti mboni yanga yomwe inali mbali yawo. Anati ndikapepese kwa Ahedi kunyumba kwawo, iwo akakhutira khadi langa lituluke.

Ndinapita Lachiwiri masana, nkhuku ili kukhwapa. Nyumba ya Ahedi inali ya malata, mabuku mpaka kudenga, pakhoma zithunzi za ana ovala zipewa za makona anayi. Jekete linali pa msomali kuseri kwa chitseko, mbali yodyedwa itayang'ana kukhoma. Ndinagwada, mawondo akulira ngati nkhuni zouma, n'kunena mawu anga. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kulankhula mphindi yathunthu osaikamo nthabwala, ndipo ndinatuluka thukuta.

Anandisiya pansi nthawi yokwanira. Kenaka anati, "Khalani pa mpando. Mukudziwa chifukwa chake pemphero lija linatalika?"

"Mapemphero anu, adada, sakhala aafupi."

"Lija ndinali nditalimaliza. Ndinali nditafika pa mawu otsekera. Ndiye ndinamva chinthu chikukoka." Ankalankhula ngati akuwerenga zotsatira za mayeso. "Ndinaganiza kuti ndikati ameni, anthu atsegula maso, aona. Ndiye ndinati ndipitirize mpaka ikhute. Ndinayamba boma. Sinakhute. Ndinapita ku Thazima. Njovu zija, bambo, m'moyo wanga sindinazipemphererepo, ndimadana nazo. Ikanapitiriza ndikanayamba mayiko akunja, limodzi limodzi monga alili pa mapu."

Ndinaluma mlomo. Ndinayang'ana pansi. Ndinaganiza za khadi, za dzanja la amayi. Mulungu ndi mboni, sindinatulutse ngakhale mpweya.

"Ndinkasamala maso otseka," anatero Ahedi, "osadziwa kuti ndikuonetsa kanema."

Ndiye panamveka phokoso limene sindinalimvepo, ngati akutsegula chitseko cha nyumba yosiyidwa. Ndinadzutsa mutu. Anali Ahedi, mapewa akugwedezeka, magalasi m'manja. Anaseka nthawi yaitali, ndipo penapake kusekako kunasanduka kwina. Anati, "Malemu akanakhalapo akanakomoka nazo. Amayi aja ankaseka, bambo. M'nyumba muno munali phokoso." Sindinadziwe kuti ndiseke nawo kapena ndilire nawo, ndiye ndinangogwiritsa nkhuku kuti isathawe.

Potuluka anandiuza kuti ndisauze munthu iwo ali moyo. Ndinasunga, ngakhale zinkandiyabwa ngati chitedze. Chaka chatha anatsatira akazi awo.

Khadi langa linabwera Lachisanu la sabata yomwe ndinakapepesayo. Lamulungu, abusa atanena mawu aja, anzanga a pansi pa mango anatuluka, bambo wa akazi awiri akundikodola ndi nsidze kuti malo andisungirabe. Ine ndinawoloka kupita kumanzere, dzanja la amayi m'dzanja langa, n'kukhala pa benchi lachiwiri. Wonyamula thireyi mbali imeneyo anali Ahedi, atavala jekete la mwana wawo dokotala, manja ake ofika m'zala. Anaima patsogolo pathu, nkhope yotseka ngati kale. Ndinatola kakapu, ndinakaika m'dzanja la amayi, tinanyamula limodzi. Kanafika konse, osatayika dontho.

Atameza anaweramira kwa ine, ndinayesa akufuna kunena mawu a m'Baibulo.

"Mukunjenjemera, abambo," ananong'oneza. "Chaka chamawa ndidzakugwirirani ndine."